Mafilimu akale aulere pa intaneti: amachokera kuti, nanga athu ali kuti?

Mwezi wa Epulo, fodya ali m'chigafa, ndinakagona kwa agogo anga aamuna kufupi ndi Santhe. Titatha kudya nsima ndinatsamiritsa foni pa kapu yachitsulo n'kuwaikira filimu yomwe ndinali nditakopera kale ndili ku boma la Kasungu. Inali The Gold Rush ya Charlie Chaplin, ya mu 1925. Muli malo ena pomwe munthu wanjala, atatsekeredwa m'kanyumba chifukwa cha chisanu, amaphika nsapato yake mumphika, kuipakula m'mbale, n'kumadya zingwe zake mwaulemu ngati ali paphwando la ukwati. Agogo sadziwa Chingerezi, koma panalibe choti munthu awamasulire, poti mufilimuyo mulibe mawu olankhula. Njala amaidziwa, ya 1949 anaiona ali mwana, ya 2002 anaiona ali ndi adzukulu. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakhala chete kanthawi.

Itatha anandifunsa kuti, "Walipira zingati kuti uione imeneyi?"

Ndinati, "Sindinalipire agogo, ndangogula bandulo basi."

Iwo anati, "Iwe, chaulere chilipo pansi pano? Mwini wake ali kuti?"

Funso limenelo ndi lomwe ndikufuna kuliyankha bwinobwino, chifukwa ambiri a ife timangoona mawu akuti filimu yaulere n'kudina, osadziwa kuti pansi pa mawu amodziwo pali zinthu zitatu zosiyana. Pali filimu yomwe umwini wake unatha mwalamulo. Pali ina yomwe mwini wake alipo ndithu koma waiika yekha poyera. Ndiye pali yobedwa. Kusiyanitsa zitatuzi kumapulumutsa foni, mayunitsi, nthawi zina ndi ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money.

Tiyambe ndi umwini, womwe pa Chingerezi amati copyright. Munthu kapena kampani ikapanga filimu, lamulo limaipatsa mphamvu yoti wina asakopere, asagulitse kapena kuonetsa gulu popanda chilolezo. Koma mphamvu imeneyi si yamuyaya. Ili ngati munda wobwereka, nyengo yake ikakwana umabwerera kwa anthu onse. Filimu ikafika pamenepo amati yalowa mu public domain, kutanthauza kuti aliyense akhoza kuionera, kuikopera, kuigawa, ngakhale kuisintha, osapempha kwa munthu.

Ku America, komwe kunachokera mafilimu ambiri akale omwe timawapeza, nyengoyi ndi zaka 95 kuchokera chaka chomwe filimu inatuluka. N'chifukwa chake pa 1 Januwale chaka chilichonse pamamasuka mafilimu a chaka chimodzi chathunthu. A mu 1928 anamasuka mu 2024, ndipo pakati pawo panali Steamboat Willie, katuni yomwe inatchukitsa Mickey Mouse. A mu 1929 anamasuka mu 2025, a mu 1930 nthawi yawo ndi 2026, kumangopita choncho. Nyengoyi sinali yaitali chonchi poyamba. Lamulo la mu 1998 ndilo linaonjezera zaka 20 pamwamba pa 75 zomwe zinalipo, ndipo zotsatira zake kunali kuima kwa zaka makumi awiri, kopanda filimu yomasuka chifukwa cha msinkhu, mpaka mu 2019.

Mukawerengera bwino muona kuti zomwe ambiri a ife timati mafilimu akale, zija tinkaonera m'mavidiyo sho titakhala pa mabenchi, kunja jenereta ikulira, sizinayandikire n'komwe kumasuka. Enter the Dragon ya Bruce Lee ndi ya mu 1973, ndiye ku America idzamasuka mu 2069. Filimu yoyamba ya Rambo inatuluka mu 1982. Mukaipeza yathunthu patsamba losadziwika, dziwani kuti eni ake sanavomereze.

Komabe pali mafilimu ena aang'ono msinkhu kuposa zaka 95 omwe ndi omasuka, ndipo nkhani yake ndi yosangalatsa, chifukwa anamasuka kaamba ka kuiwala kwa anthu a m'maofesi. Kale ku America umwini sunkangobwera wokha. Filimu iliyonse yotuluka chisanafike chaka cha 1964 inkapatsidwa zaka 28, ndipo mwini wake ankayenera kukalembetsanso kuti aonjezeredwe zina. Makampani ena anagwa, ena anagulitsidwa, mapepala n'kusochera, ena sanaone phindu lolembetsanso filimu yomwe sinapange ndalama. Chaka cha 28 chikadutsa osalembetsa, basi yapita. It's a Wonderful Life ya mu 1946 inagwa m'dzenje limeneli mu 1974. Mawayilesi a kanema atazindikira kuti akhoza kuionetsa osalipira anayamba kuibwereza nyengo ya Khirisimasi iliyonse, ndipo filimu yomwe poyamba sinapindulitse eni ake inasanduka yokondedwa ndi dziko lonselo. Patapita zaka, mu 1993, kampani ina inabweza mphamvu zake podzera pa nyimbo za mufilimuyo ndi nkhani yolembedwa yomwe filimuyo inachokerapo, poti ziwirizi umwini wake unali usanathe.

Njira ina yoiwalira inali chizindikiro. Mpaka m'chaka cha 1989 lamulo la kumeneko linkafuna kuti pafilimu palembedwe mawu osonyeza mwini ndi chaka. Night of the Living Dead ya George Romero, ya mu 1968, inasinthidwa dzina itatsala pang'ono kutuluka, ndipo pokonza tsamba la dzina latsopanolo ogulitsa anaiwala kubwezerapo chizindikiro chija. Inakhala ya aliyense kuyambira tsiku loyamba. Anthu omwe anaivutikira anaona ena akudya thukuta lawo kwa zaka zambiri. Ndimaikumbukira nkhani imeneyi nthawi zonse ndikamva wina akusangalala kuti wapeza chaulere, chifukwa kumbuyo kwa zina mwa izo kuli munthu amene analira.

Mapulogalamu akale a pa wayilesi ya kanema nawonso ndi chimodzimodzi. Zigawo zina za Bonanza, sewero la anyamata oweta ng'ombe lomwe linayamba mu 1959, sizinalembetsedwenso, pomwe zina zinalembetsedwa. Ndiye mukamafufuza mupeza zigawo zomwezomwezo zikubwerezedwa paliponse, zina zonse kulibe. Mupezanso kuti nyimbo yotsegulira yasinthidwa, aikapo ina yachilendo. Chifukwa chake n'chakuti zithunzi zinamasuka koma nyimboyo ikadali ndi mwini.

Apa mpomwe pamasokoneza ambiri. Filimu imodzi ili ngati mtolo wa nkhuni zotola m'minda ya anthu osiyana. Muli nkhani ya wolemba, nyimbo za woyimba, zithunzi za kampani. Filimu yopanda mawu ya zaka 100 ikhoza kukhala yomasuka, koma ngati wina anaipekera nyimbo zatsopano posachedwa, nyimbozo ndi zake. Chaplin yemweyo anaitulutsanso The Gold Rush mu 1942 ataikamo mawu ake ofotokoza ndi nyimbo, ndipo imeneyo imawerengedwa payokha, yosiyana ndi ya mu 1925.

Chinanso, lamuloli limathera pa malire a dziko. Monga momwe kwacha yathu imasiyira mphamvu mukangodutsa pa Mwami kulowa ku Chipata, filimu yomasuka ku America ikhoza kukhala yomangika kwina. M'maiko a European Union amawerenga zaka 70 kuchokera pa imfa ya omwe anaipanga, ndipo Chaplin anamwalira mu 1977, choncho kumeneko ntchito zake zikadali zotetezedwa. Kuno kwathu tili ndi lamulo lathu, Copyright Act ya 2016, lomwe kawirikawiri limateteza ntchito moyo wonse wa mwini ndi zaka 50 pambuyo pa imfa yake, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA. Kwa munthu woonera yekha kunyumba, kusiyana kumeneku sikumuvutitsa kwenikweni. Koma amene akufuna kuonetsa anthu n'kumalipiritsa pakhomo, kapena kubena mafilimu n'kumagulitsa, wayamba malonda, ndipo ndi bwino afunse kaye a COSOMA.

Nanga omasukawa amapezeka kuti? Nkhokwe yaikulu ndi Internet Archive, pa archive.org. Inayambitsidwa ndi Brewster Kahle mu 1996 ku San Francisco, ndipo si kampani yofuna phindu, imadziona ngati laibulale. Simufunika kulembetsa kuti muonere, ndipo simudzaona zotsatsa malonda zikukutsekerani chithunzi. Chomwe ndimaikondera kwambiri, poganizira mmene netiweki imavutira mukangochoka pa msewu wa M1 kulowera ku Chamama kapena ku Wimbe, n'chakuti imalola kukopera. Patsamba la filimu iliyonse pali mbali yolembedwa Download Options, ndipo mukadina Show All imakuonetsani mafayilo onse ndi kukula kwake. Mumasankha yaing'ono ya MP4, mumadziwiratu kuti idya mamegabaiti angati, mumaikopera pomwe netiweki ili bwino kapena pa bandulo ya usiku, n'kukaionera kumudzi ndi pulogalamu ngati VLC popanda intaneti. Mukatero mukhoza kugawira anzanu pa Xender kapena pa memori khadi, ndipo ngati filimuyo ndi yomasukadi simunalakwire munthu. Chenjezo lokha ndi lakuti anthu wamba nawonso amaikako zinthu, ndiye si chilichonse chili kumeneko chomwe ndi chomasuka. Yang'anani chaka cha filimuyo.

Gulu lachiwiri, la eni ake omwe amaika okha, malo ake aakulu ndi YouTube. Kampani ikakhala ndi mafilimu zikwi omwe palibe akuwagulanso, imaona kuti bola kuwaika poyera n'kumapeza kangachepe kuchokera ku zotsatsa malonda. Apa ndiye yankho lenileni la funso la agogo lija. Mumalipira ndi maso anu poonera otsatsawo, ndi bandulo yomwe imatha nawo limodzi. Mosfilm, kampani yaikulu ya mafilimu ya ku Russia, inaika ambiri mwa mafilimu ake akale pa YouTube, ena ali ndi mawu a Chingerezi pansi. Korean Film Archive inachita zomwezo ndi mafilimu akale a ku Korea. Makampani a ku India monga Rajshri ndi Shemaroo ali ndi matchanelo odzaza ndi mafilimu a Chihindi, aja a nyimbo ndi misozi omwe azakhali athu ankawakonda. Kuzindikira tchanelo chenicheni sikovuta. Dzina limakhala la kampani, pambali pake pamakhala kachizindikiro kotsimikiza, chithunzi chimakhala choyera komanso chathunthu. Yobedwa imaoneka ndi zipsera zake, chithunzi chochepetsedwa n'kuikidwa pakona, chotembenuzidwa moti zolemba zimawerengeka chobwerera, mawu othamangitsidwa pang'ono. Amatero pofuna kuzemba makina a YouTube otchedwa Content ID, omwe amayerekeza chilichonse choikidwa ndi zomwe eni ake analembetsa.

Mudzamvanso za Tubi ndi Pluto TV, zomwe ndi zaulere ndiponso zovomerezeka. Vuto n'lakuti ziphaso za mafilimu zimagulidwa dziko ndi dziko, ndiye zimatsegukira maiko ochepa okha. Mukaona uthenga woti sizikupezeka m'dera lanu, foni yanu ilibe vuto, musataye ndalama kwa okonza.

Za gulu lachitatu, la zobedwa, sindichulutsa. Mphwanga wina anafuna filimu ya karate, tsamba lina linamuuza kuti aike kaye pulogalamu yawo. Pulogalamuyo inapempha chilolezo chowerenga mauthenga a mufoni, iye anavomera. Sabata yonse mayunitsi ankangotha osaimba foni, ndipo zithunzi zamanyazi zinkatulukira zokha pamaso pa ana. Tinachita kufufuta zonse mufonimo. Filimu siifuna nambala yanu, siifuna PIN, siifuna kuwerenga mauthenga anu. Tsamba lomwe lili ndi mabatani asanu olembedwa Play, kapena lomwe likukupatsani fayilo yothera ndi apk kapena exe m'malo mwa mp4, litsekeni.

Pa nkhani ya bandulo, mafilimu akale ndi abwenzi a munthu wosauka. Pa YouTube mukadina kachizindikiro ka zosintha n'kusankha 240p kapena 360p, filimu yakuda ndi yoyera imaonekabe bwino pa foni, pomwe mukaisiya isankhe yokha ikhoza kukwera n'kumeza bandulo yonse isanafike pakati. Mukaona mizere yakuda kumanzere ndi kumanja musaikoke kuti idzaze sikirini. Kale chithunzi chinali cha muyeso wa 4 kwa 3, pafupifupi chofanana mbali zonse, ndipo mukachikoka anthu amafupika n'kunenepa. Mukaonanso anthu akuyenda mothamanga ngati nyerere, si kuti ankayenda choncho. Makamera a nthawi ya mafilimu opanda mawu ankapukusidwa ndi dzanja, kawirikawiri kujambula zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, ndipo mafilimu a mawu atabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 liwiro linakhazikika pa 24. Yakale ikaseweredwa pa liwiro latsopano, aliyense amaoneka wopupuluma. Makope okonzedwa bwino amabweza liwiro loyenera, ndiye ngati filimu yomweyo ilipo kangapo, yesani ingapo mphindi imodzi imodzi musanakopere.

Tsono pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe imandikhudza kuposa zonsezi. Timaganiza kuti pa intaneti pali chilichonse. Zoona zake n'zakuti pali chokhacho chomwe wina anasunga. Kafukufuku yemwe Library of Congress ya ku America inatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu omwe anapangidwa m'dzikolo, 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Dziko lolemera choncho, koma asanu ndi awiri mwa khumi kulibe. Filimu ya nthawi imeneyo inkapangidwa ndi nitrate, chinthu chomwe chimayaka moopsa, moto wake wosazimitsika ndi madzi, ndipo chikakalamba chimanyenyeka kukhala ufa. Mu 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey inapsa nyengo yotentha, mafilimu ambirimbiri n'kuthera pomwepo. Ena eni ake anawaononga dala, poona kuti mafilimu a mawu abwera ndipo akalewo angodzaza malo. Filimu yamtundu wina yomwe inalowa m'malo mwa nitrate cha m'ma 1950 siyaka choncho, koma ikasungidwa potentha ndi pachinyezi imayamba kununkha ngati viniga, kukwinyika, n'kufa.

Wayilesi ya kanema nayonso inataya zambiri. Mapulogalamu oyambirira ankaulutsidwa pompopompo, osajambulidwa. Tepi ya vidiyo itabwera mu 1956 inali yodula kwambiri, ndiye pulogalamu ikaulutsidwa ankaifufuta n'kujambulapo ina. BBC yeniyeniyo inafufuta zambiri za m'ma 1960 ndi 1970, kuphatikizapo zigawo zambiri za Doctor Who, sewero lomwe linayamba mu 1963. Chomwe chinapulumutsa zina n'chakuti BBC inkagulitsa makope ku mawayilesi a maiko ena, ndipo makopewo ankayenda kuchoka dziko lina kupita lina. Mu 2013 kunalengezedwa kuti zigawo 9 zomwe zinkaoneka ngati zinatayika zapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, zitakhala pa shelefu m'chipinda cha wayilesi ina kwa zaka zambiri. Chimodzimodzi Metropolis, filimu ya ku Germany ya mu 1927, yomwe mbali zake za mphindi pafupifupi 25 zinasowa kwa zaka 80, n'kudzapezeka mu 2008 m'nyumba yosungira zakale ku Buenos Aires. Nthawi zonse pamakhala munthu mmodzi yemwe sanataye bokosi.

Usiku uja ku Santhe agogo anandiuza kuti kanema woyamba anamuona ali mnyamata, galimoto itabwera pabwalo la sukulu, anthu n'kumanga chinsalu choyera pamitengo iwiri. Ankaonetsa za kalimidwe ndi zaukhondo, kumapeto n'kuikako zoseketsa. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe inkapanga mafilimu ku Tanganyika n'kumayenda nawo pa lole mpaka kuno ku Nyasaland. Ochepa kwambiri mwa mafilimu amenewo ndiwo anapulumuka. Kuyambira mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, yomwe inkapangira mafilimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Cholinga chinali chophunzitsa anthu zomwe boma la atsamunda linkafuna, koma m'zithunzizo muli nkhope za makolo athu, zovala zawo, nyumba zawo, makasu awo.

Ndiye ine ndikafunsidwa kuti chamtengo wapatali pa zaulere zonsezi n'chiyani, sinditchula Chaplin. Ndimatchula nkhani zakale zojambulidwa. Wayilesi ya kanema isanafale, nkhani za dziko zinkaonetsedwa m'nyumba za kanema filimu isanayambe, ndipo kampani imodzi yotchuka pa ntchitoyi inali British Pathé. Mu 2014 inaika mavidiyo ake pafupifupi 85,000 pa YouTube kuti aliyense aonere. Umwini ukadali wawo, wofuna kuwagwiritsa ntchito mufilimu yake amalipira, koma kuonera n'kwaulere. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press (AP) ndi British Movietone anatsatira chaka chotsatira. Mmenemo muli Nyasaland. Muli Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu, ali ndi mphamvu zake, litchowa lili m'manja. Muli za ufulu wa pa 6 Julaye 1964. Ndi tizidutswa ta mphindi imodzi, ziwiri, zitatu, tosadya bandulo.

Chinsinsi chopezera zimenezi ndi kulemba mayina omwe ojambulawo ankagwiritsa ntchito. Mukalemba Malawi mupeza makamaka za kuyambira mu 1964. Lembani Nyasaland. Mchinji kale inali Fort Manning, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chipata inali Fort Jameson. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, Nkhotakota ankalemba Kota Kota. Wolemba khadi la filimu ku London zaka 70 zapitazo analemba zomwe ankadziwa, ndipo makina ofufuzira amangotsata zomwezo.

Poonera muyenera kukhala ndi makutu awiri. Wofotokoza nkhaniyo ndi mzungu wa nthawi yake, amalankhula za anthu athu ngati ana, amatamanda bwanamkubwa, ndipo pa mavuto a 1959, pomwe boma la atsamunda linamanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, amanena mbali ya omwe anali ndi mfuti. Ine nthawi zina ndimatsitsa mawu n'kumangoyang'ana kumbuyo kwa chithunzi, kwa mayi wosenza mtsuko yemwe akudutsa osadziwa kuti akujambulidwa, kwa mnyamata wopanda nsapato yemwe akuyang'anitsitsa kamera. Amenewo ndiwo ndimawafuna. Agogo nditawaonetsa kachidutswa kena m'mawa mwake, sanasamale za wolankhulayo. Analoza chipewa cha msilikali wina n'kunena kuti, "Malume ako aakulu, achimwene a agogo ako aakazi, ankavala chonchi atabwera kunkhondo." Anayamba kufotokoza nkhani yomwe sindinaimvepo chibadwire.

Mafilimu akale opangidwa ndi anthu a mu Africa eni ake ndi ovutirapo kuwapeza mwaulere, pa chifukwa chomveka. Ndi aang'ono msinkhu, umwini wawo ukadalipo. Ousmane Sembène wa ku Senegal anatulutsa Borom Sarret mu 1963, ndipo ambiri amayambira pamenepo powerenga mbiri ya kanema wa anthu akuda a kuno. Makope oyambirira a mafilimu ambiri otere ali m'malabu a ku Ulaya komwe ankatsukidwira. Mu 2017 bungwe la Martin Scorsese, wopanga mafilimu wa ku America, lotchedwa The Film Foundation, pamodzi ndi UNESCO ndi bungwe la opanga mafilimu a mu Africa la FEPACI, anayamba ntchito yokonzanso mafilimu 50 a mu Africa. Ndi ntchito yabwino, koma okonzedwawo amakathera ku zikondwerero za mafilimu ndi masamba olipira. Munthu wa ku Nkhamenya n'kosavuta kuti aone filimu ya ku America ya zaka 100 kusiyana ndi ya ku Senegal ya zaka 50. Ngakhale filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, yomwe inajambulidwa konkuno n'kutuluka mu 2019, ili pa Netflix, komwe ambiri mwa omwe anaonekamo sangakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi.

Nanga za pa wayilesi ya kanema yathu? Television Malawi inayamba mu 1999, mochedwa poyerekeza ndi anansi athu, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Ndiye kuti zomwe tingazitche mapulogalamu akale a Malawi zangopitirira pang'ono zaka 25. Ndi zaka zochepa, koma tepi ya vidiyo siidikira. Pa YouTube ndi Facebook mupeza tizidutswa ta Izeki ndi Jakobo, ta Tikuferanji, nyimbo zakale zamakwaya, zambiri zoikidwa ndi anthu omwe anajambula pa VHS kunyumba kwawo, chithunzi chikugwedera, mawu akulira ngati mvula padenga la malata. Mwalamulo zimenezo zili ndi eni ake, ndipo mabanja a osewera omwe anatisiya ayenera kupindula nazo. Njira yabwino ikanakhala ija ya Mosfilm ndi British Pathé, yoti osunga matepi enieniwo awasamutsire mu kompyuta, awaike patchanelo chawo, ndalama za otsatsa zizipita kwa oyenera. Owonera alipo, ali ku Johannesburg, ali ku Lilongwe, ali pa Chinkhoma.

Pali mwayi winanso womwe sindinaone ambiri akuugwira. Anyamata omwe amamasulira mafilimu m'Chichewa, aja amalankhula pamwamba pa filimu ya nkhondo mpaka holo yonse kufa ndi phwete, luso ali nalo, koma amagwira ntchito pa katundu wa eni, ndiye sangaitulutse poyera ndi dzina lawo popanda mantha. Filimu yomwe umwini wake unatha ilibe vuto limenelo. Akhoza kutenga yopanda mawu ya m'ma 1920, kuiikira Chichewa, kuiikira ng'oma kapena banjo m'malo mwa piyano, ndipo mawu ndi nyimbo zomwe aikamozo zikhala zawo mwalamulo. Ndi mmenenso mafilimuwa ankaonetsedwera kale. Sankaoneredwa mwa zii, pankakhala woyimba m'holomo, ndipo ku Japan kunali anthu otchedwa benshi omwe ntchito yawo inali kuima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza, ena mwa iwo otchuka kuposa osewera.

Nditabwerera ku boma ndinakatsegula sutikesi ya malemu bambo anga. Munali matepi a VHS asanu ndi limodzi. Imodzi inalembedwa ndi bolopeni kuti ukwati, 1996. Poyang'ana pa kawindo ka pulasitiki ndinaona timadontho toyera pa tepi, ndicho chuku, chomwe chimabwera ndi chinyezi cha dzinja. Tepi yotere simuiika m'makina mwachisawawa, chifukwa imadetsa mutu wa makinawo ndipo ikhoza kuduka. Imafunika kuchotsedwa m'chinyezi, kuimikidwa chilili pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi dzuwa ndi masipika, kenako kupita nayo kwa munthu wodziwa kuitsuka yemwe ali ndi deki yogwira ntchito ndi kachipangizo kolumikizira ku kompyuta. Madeki atsopano a VHS anasiya kupangidwa mu 2016, ndiye otsalawo akuchepa chaka ndi chaka. Ikasamutsidwa, fayiloyo isungidwe malo awiri kapena atatu, pa fulashi, pa kompyuta ya wachibale, ndi pa intaneti.

Ndinapeza mkulu wina wokonza mawayilesi kumsika yemwe akadali ndi deki. Mwa matepi asanu ndi limodzi aja, anayi anatheka. Pa ya ukwati, mphindi khumi zoyambirira zinadyeka, koma kutsogoloko chithunzi chinayera, ndipo agogo aakazi, omwe anamwalira ndili wamng'ono, akuoneka akuvina pa perekaniperekani, chitenje chobiriwira m'chiuno, ndalama ili m'manja. Ndaiika pa memori khadi. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Santhe kukawaonetsa agogo.